KUJAMBULA MAU AMENE AKUMVEKA PA KOMPYUTA

Masiku ano zinthu zambiri zimene anthu amamvera zimafika kudzera pa kompyuta. Mwana wa sukulu amamvera phunziro limene mphunzitsi akupereka ali ku mzinda wakutali. Munthu wa bizinesi amakhala pa msonkhano ndi anzake osachoka pa mpando wake. M'bale amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku London amatsatira mwambo wa maliro a kumudzi pamene wina akuuonetsa pa Facebook, ndipo nyumba zoulutsa mau zambiri tsopano zimamvekanso pa intaneti. Vuto la mau otere ndi lakuti ambiri mwa iwo amadutsa kamodzi kokha. Wolankhula akatseka pakamwa, amene sanasunge amatsala ndi zokhazo zimene mutu wake wagwira. Nkhani ino ikufotokoza m'mene munthu angajambulire mau amene akumveka pa kompyuta yake, pogwiritsa ntchito pulogalamu yokonzera mau, kuti adzawamvenso tsiku lina ali omveka bwino monga anamvekera poyamba.

Omvera wailesi anazolowera liu loti pulogalamu potchula nthawi ya nyimbo, ya alimi kapena ya ana. Pa kompyuta liu lomweli limatanthauza malangizo olembedwa amene amauza makinawo ntchito yoti agwire, kaya kulemba kalata, kuwerengera ndalama kapena kujambula mau. Tanthauzo lachiwirili ndilo likugwira ntchito m'nkhani ino.

Foni pafupi ndi sipika

Njira imene anthu ambiri amathamangira ndi yoika foni ya m'manja pafupi ndi sipika ya kompyuta kuti ijambule. Mau amalowadi, koma salowa okha. Tambala wa kuseri kwa nyumba amalowa nawo, njinga yamoto yodutsa pamsewu imalowa, mwana wopempha madzi amalowa, ngakhalenso mvula yogunda pa malata. Pomvetsera pambuyo pake, wolankhula uja amamveka ngati ali m'kati mwa mbiya, ndipo mau ena ofunika, monga maina a anthu ndi ziwerengero, samveka n'komwe. Kuti chifukwa chake chidziwike, m'pofunika kumvetsa m'mene mau amakhalira m'kati mwa kompyuta.

Mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Ng'oma ikaombedwa, chikopa chake chimanjenjemera ndi kukankha mpweya, mpweyawo n'kukagwedeza kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa khutu. Kompyuta siingasunge mpweya. Chimene imasunga ndi manambala. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemera kuja kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, ndipo kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta, kamene amisiri amakatcha sound card, kamayeza mphamvuyo mobwerezabwereza ndi kulemba nambala pa muyezo uliwonse. Pa mbale za CD, zimene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, mau amayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo muyezo uliwonse umasankha nambala imodzi mwa manambala 65,536. Chiwerengero cha 44,100 sichinangosankhidwa mwachisawawa. Khutu la munthu wachinyamata limamva kunjenjemera kofika pafupifupi maulendo 20,000 pa sekondi, ndipo akatswiri a masamu anasonyeza kuti pofuna kusunga mau mokhulupirika, kuyezako kuyenera kupitirira kuwirikiza kawiri chiwerengero chimenechi.

Kompyuta ikamaimba nyimbo, ulendo umabwerera m'mbuyo: manambala amasanduka magetsi, magetsi amagwedeza sipika, sipika n'kugwedeza mpweya. Tsono amene waika foni pa sipika wayendetsa mau ulendo wautali wopanda chifukwa, kuchoka ku manambala kupita ku magetsi, ku mpweya wa m'chipinda, kubwerera ku magetsi a m'foni, ndi kukhalanso manambala. Pa khomo lililonse pamatayika kanthu, ndipo pamalowa zinyalala. Zili ngati mayi amene wasiya kasupe pakhomo pake n'kukatunga madzi kumunsi kwa mtsinje, kumene ena achapira kale ndi kumwetsa ng'ombe. Nzeru ndi kutunga pa kasupe pomwepo, ndiko kuti kutenga manambala aja asanafike ku sipika.

Zimene wailesi ya kaseti inkachita

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa omvera achikulire. Kampani ya Philips itatulutsa kaseti mu 1963, kunabwera mawailesi okhala ndi malo oikamo kaseti. Mwini wailesi yotere ankadikira nyimbo yapamtima pake, zala zili chire pa mabatani awiri, ndipo muulutsi akangomaliza kutchula dzina la woimba, iye ankadina onse awiri pamodzi. Wailesiyo inkatenga mau m'kati mwake momwemo, pa waya, asanafike ku sipika. N'chifukwa chake anthu ankatha kucheza ndi kuseka m'nyumbamo, koma tepi osagwira macheza awo. Kompyuta nayo ingathe kuchita chimodzimodzi. Amisiri amatcha njira imeneyi loopback, kutanthauza kubweza mau amene ali kutuluka kuti alowenso pa khomo lojambulira.

Kukonza mau nako kunali ndi njira yake. Kuyambira pamene kampani ya AEG inaonetsa makina ojambulira pa tepi otchedwa Magnetophon ku Berlin mu 1935, amisiri a m'nyumba zoulutsa mau anaphunzira kumvetsera tepi pang'onopang'ono, kuika chizindikiro pamene wolankhula watsokomola, kudula ndi lezala, ndi kulumikiza nsonga ziwiri ndi kapepala komata. Amene wadula polakwika ankafunafuna kachidutswa kake pansi. Ntchito yonseyi tsopano imachitika pa galasi la kompyuta, ndipo cholakwa chimabwezedwa podina mabatani awiri okha.

Pulogalamu ya Audacity

Mapulogalamu okonzera mau alipo ambiri, ena ogula pa mtengo wokwera. Yodziwika kwambiri mwa yaulere ndi Audacity. Anaiyamba ndi Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg pa sukulu ya ukachenjede ya Carnegie Mellon ku America mu 1999, ndipo inatulutsidwa kwa anthu onse mu 2000. Kuyambira mu 2021 ili m'manja mwa kampani ya Muse Group, koma ikupezekabe mwaulere, ndipo imagwira ntchito pa Windows, pa makompyuta a Mac, ndi pa Linux. Ikangolowetsedwa m'kompyuta, siifunanso intaneti kuti ijambule kapena kukonza mau. Wofuna kuitenga ayenera kuitenga pa tsamba la eni ake, pakuti pali masamba ena amene amabisa tizilombo towononga kompyuta m'kati mwa mapulogalamu aulere.

Kujambula pa Windows

Pa Windows njira yabwino koposa ndi yotchedwa Windows WASAPI, imene inabwera ndi Windows Vista mu 2007 ndipo ilipo pa Windows 10 ndi Windows 11. Ubwino wake ndi wakuti imakopera manambala aja monga m'mene alili, osawasandutsa magetsi.

Wojambula akatsekula Audacity, adine batani lolembedwa Audio Setup limene lili pamwamba. Pa mndandanda wa Host asankhe Windows WASAPI. Kenaka apite pa Recording Device, pamene adzaona maina a zipangizo zonse zolowetsa ndi zotulutsa mau. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa mtima umathamangira kusankha maikolofoni. Choyenera kusankha ndi dzina la sipika kapena la mahedifoni amene mau akumvekerako, lotsatidwa ndi liu loti loopback. Ngati mau akupita ku mahedifoni koma wojambula wasankha sipika, adzajambula chete. Pa Recording Channels asankhe 2, ndiko kuti stereo, mau a kumanzere ndi a kumanja. Ngati mahedifoni alumikizidwa Audacity ili yotsekula kale ndipo dzina lawo silikuoneka, adine Rescan Audio Devices kuti pulogalamuyo iwerengenso zipangizo.

Zimenezi zikatha, ayambe wayatsa mau amene akufuna kujambula, kenaka adine batani lofiira lozungulira. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake: pa makompyuta ambiri, pamene palibe chimene chikuimba, Windows siitumiza kanthu, motero Audacity imaima chilili ngati yafa. Mau akayamba kulowa, pa galasi pamaoneka chithunzi chonga mapiri ndi zigwa chikuyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Pamene phiri latalika mpamene mau akwera. Pamene pali mzere wosalala mpamene pali chete. Pomaliza adine batani la ngodya zinayi.

Njira zina

Makompyuta ena, makamaka akale, ali ndi khomo lotchedwa Stereo Mix. Kawirikawiri limakhala lobisika, ndipo limaoneka munthu akapita pa malo okonzera mau a Windows, pa gawo la Recording, ndi kuuza kompyuta kuti ionetse zipangizo zozimitsidwa. Likayatsidwa, limasankhidwa mu Audacity ngati maikolofoni wamba. Limagwira ntchito, koma si makompyuta onse amene ali nalo.

Pa Mac njira yozolowereka ndi kulowetsa kapulogalamu kaulere kotchedwa BlackHole, kamene kamakhala ngati chingwe chosaoneka pakati pa choimbira ndi chojambulira. Pofuna kuti wojambula azimvanso zimene akujambula, amapanga Multi-Output Device mu Audio MIDI Setup, kuti mau azipita ku BlackHole ndi ku sipika nthawi imodzi. Pa Linux, mu PulseAudio Volume Control, amasankha chipangizo chimene dzina lake likuyamba ndi mau oti Monitor of.

Zonsezi zikakanika, patsala chingwe chenicheni cha mitu iwiri ya mamilimita 3.5. Mutu umodzi umalowa pa bowo lobiriwira lotulutsa mau, wina pa bowo la buluu lolowetsa mau. Bowo la pinki ndi la maikolofoni, ndipo linapangidwira mau ofooka, kotero kuti mau amphamvu ochokera ku bowo lobiriwira amaliposa mphamvu. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi lokha, motero njira ya chingwe siitheka popanda kachipangizo kena kolumikiza pa USB.

Misampha yofunika kuipewa

Msampha woyamba ndi wakuti njira ya loopback siisankha. Chilichonse chimene chikupita ku sipika chimalowa. Uthenga wa WhatsApp ukafika pa kompyuta n'kulira belu, belulo lidzakhala pakati pa ulaliki mpaka kalekale. N'chifukwa chake wojambula ayenera kutseka mapulogalamu ena onse ndi kuzimitsa mabelu a mauthenga asanayambe.

Msampha wachiwiri ndi mau obwerezabwereza. Audacity ili ndi malo ouza kompyuta kuti izitulutsa ku sipika zimene ikujambula. M'mitundu yakale malowa ankatchedwa Software Playthrough, ndipo m'yatsopano amatchedwa audible input monitoring. Pojambula ndi maikolofoni zimathandiza, koma pa loopback zimabweretsa chisokonezo, pakuti mau ojambulidwa amapita ku sipika, n'kujambulidwanso, n'kupitanso ku sipika, mpaka kukhala phokoso longa la m'phanga. Malowa ayenera kukhala ozimitsa.

Msampha wachitatu ndi kukweza mau mopitirira. Pamwamba pa Audacity pali muyezo wa mau umene malire ake ndi 0. Mau akagunda pamenepo, nsonga za mapiri aja zimadulidwa, ndipo pomvetsera pamamveka kukhadzula konga kwa sipika yong'ambika. Zodulidwazo sizibwereranso bwinobwino. Mau okwera kwambiri azifika cha pa -6, ndipo ngati akupitirira, achepetsedwe pa choimbira chenichenicho. Mau otsika angathe kukwezedwa pambuyo pake, koma ophwanyika alibe mankhwala.

Msampha wachinayi umagwira amene akujambula msonkhano wa pa Zoom kapena kucheza kwa pa intaneti. Loopback imatenga mau otuluka ku sipika okha, ndiko kuti a anthu a tsidya lina. Mau a mwini kompyuta amalowa pa maikolofoni n'kupita kwa anzakewo osadutsa pa sipika yake, motero pomvetsera padzamveka mayankho opanda mafunso. Pa misonkhano yotere n'kwabwino kugwiritsa ntchito batani lojambulira la pulogalamu ya msonkhanoyo.

Chotsiriza ndi nthawi ndi magetsi. Kujambula kotere kulibe chidule: mau a ola limodzi amatenga ola limodzi, ndipo intaneti ikadukiza, kudukizako kumajambulidwanso. Popeza chakudza sichiimba ng'oma, laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo iuzidwe kuti isagone yokha. Wanzeru amayamba wajambula masekondi 20, n'kumvetsera, mwambo weniweni usanayambe. Kwa amene sadzakhalapo pa nthawi yake, Audacity ili ndi Timer Record, imene imayamba ndi kuleka kujambula pa nthawi imene yauzidwa.

Kukonza ndi kusunga

Kujambula kukatha, ntchito ya lezala ija imayamba. Wokonza amasankha mbali yosafunika pa chithunzi cha mau, monga chete wa poyamba ndi wa pomaliza, n'kudina Delete. Akalakwitsa, Ctrl ndi Z zimabweza. Pa mndandanda wa Effect pali Normalize, imene imakweza kapena kutsitsa mau onse kuti afike pa muyezo woyenera, ndiponso Fade In ndi Fade Out, zimene zimachititsa kuti mau ayambe ndi kutha mwapang'onopang'ono m'malo modzidzimutsa khutu. Palinso Noise Reduction yochepetsera phokoso losalekeza, koma imafuna dzanja lopepuka, pakuti ikachuluka wolankhula amamveka ngati ali pansi pa madzi.

Posunga pali njira ziwiri zimene siziyenera kusokonezedwa. Save Project imasunga ntchito yonse m'fayilo imene, kuyambira mu 2021, dzina lake limathera ndi aup3. Fayilo yotere imatsekuka mu Audacity mokha; foni kapena wailesi ya fulashi siingaiimbe. Yopita kwa anthu imatuluka kudzera pa Export. Apa pali kusankha pakati pa WAV ndi MP3. WAV imasunga manambala onse, ndipo pa muyezo wa CD mphindi imodzi imadya malo opitirira pang'ono ma MB 10, ola limodzi pafupifupi ma MB 635. MP3, imene akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany anatsogolera kuipanga, imataya mbali za mau zimene khutu silizimva kwenikweni. Pa muyezo wa 128 kbps mphindi imodzi imadya pafupifupi MB imodzi, ola limodzi pafupifupi ma MB 58. Yotumiza kwa abale pa foni ikhale MP3, koma yosunga ikhale WAV, chifukwa MP3 ikakonzedwa ndi kusungidwanso ngati MP3 imatayanso zina, monga m'mene kaseti yokopera ku kaseti inzake inkamvekera mofooka kuposa yoyamba.

M'pofunikanso kukumbukira kuti chojambulidwa sichingapose gwero lake. Ngati mau anafika pa intaneti ali osamveka bwino, WAV idzangosunga kusamvekako mokhulupirika. Ndipo ngati eni mau apereka njira yotengera fayilo yeniyeni, kutenga fayiloyo n'kwabwino kuposa kujambula.

Mau ali ndi eni ake

Kutheka kwa chinthu si chilolezo. Nyimbo ndi munda wa woimba. M'menemo ndimo amapezamo chakudya cha ana ake. M'Malaŵi muno lamulo loteteza ntchito za aluso ndi Copyright Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndi kugawa ndalama za olemba ndi oimba. Kujambula nyimbo ya munthu pa intaneti n'kumaigulitsa pa mafulashi ndi pa mamemori khadi popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo n'kukolola m'munda umene wina analima. Makampani ogulitsa nyimbo pa intaneti nawonso amaletsa kukopera m'mapangano awo ndi omvera.

Pa misonkhano ndi pa macheza, nkhani ndi ya ulemu ndi chinsinsi. Munthu amalankhula mosiyana akadziwa kuti mau ake akusungidwa. Kujambula mnzako mobisa n'kumufalitsa kwapasula maukwati, maubwenzi ndi ntchito za anthu. Mphunzitsi, mbusa kapena mwini maliro akapemphedwa mwaulemu, kawirikawiri savuta, ndipo akakana, kukanako kulemekezedwe. Akale anati safunsa anadya phula.

Chosungidwa bwino chimafika kutali

M'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, Hugh Tracey anayenda m'midzi ya dziko lino, pa nthawi imeneyo lotchedwa Nyasaland, atanyamula makina olemera pa galimoto, akujambula oimba bangwe, kalimba ndi ng'oma. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa sukulu ya ukachenjede ya Rhodes ku South Africa. Oimba ambiri aja anatsikira kuli chete kalekale, koma mau awo akumvekabe, ndipo akudziwika kuti ndi a yani chifukwa wojambulayo ankalemba maina a oimba, malo ndi chilankhulo cha nyimbo iliyonse.

Mphamvu imene inkafuna galimoto yodzaza makina tsopano ili m'laputopu ya mwana wa sukulu, koma udindo wolemba ndi kusunga sunasinthe. Fayilo iliyonse ipatsidwe dzina lonena wolankhula, mwambo ndi tsiku, pakuti fayilo yopanda dzina imatayika pakati pa zinzake ngakhale ili pomwepo. Isungidwenso m'malo awiri osiyana, chifukwa kompyuta imabedwa ndipo fulashi imafa mosachenjeza. Malangizo a agogo pa tsiku la ukwati, mbiri ya banja yonenedwa pa maliro, kapena phunziro la mphunzitsi waluso, lero zingaoneke ngati wamba. Mtengo wake udzadziwika ndi adzukulu, pakuti mau a akuluakulu amakoma akagonera.